Kamzinga ka pa Mangochi kanandibwezera ku 1914

Sabata yatha ndinakhala maola atatu athunthu pa Mangochi Boma kudikira alamu anga amene anandiuza pa foni kuti "tafika kale, tili pa mlatho" chonsecho anali asanakwere n'komwe galimoto kwa Makanjira, mukuwadziwa anthu ake. Nde poti panalibe chochita ndinagula tchipisi cha pa chiwaya n'kukhala pamthunzi moyang'anizana ndi nsanja ya wotchi ija ya Queen Victoria, ili pafupi ndi mlatho wa Shire. Pamenepa ndadutsapo kosawerengeka koma tsiku limenelo ndi pomwe ndinakaima pafupi ndi kamzinga kachitsulo kali pambali pake. Si chinthu choti mungachite nacho mantha ayi, kakang'ono ndithu, ndipo dzuwa linali litakawotcha moti nditakagwira ndinachotsa dzanja msangamsanga. Mnyamata wina wa kabaza anali atayedzeka njinga chapomwepo, ndinamufunsa ngati akudziwa komwe kanachokera, iye akuti "ndi za azungu akale izi bwana, mukulowera kuti ndikusiyeni?"

Kamzingako kanali pa sitima yotchedwa Guendolen, ndipo kanalira pa nyanja yathu yomweyi mu August 1914 nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene. Ine History ndinaphunzira mpaka Fomu 4, zifukwa za nkhondoyi tinkaziloweza ngati vesi la pamtima la ku Sande sukulu, kukhoza ndinakhoza, koma palibe anandiuza kuti nkhani ya ku Sarajevo ija inafika pa Mangochi pasanathe miyezi iwiri. Chibwerereni ndakhala ndikuwerenga za chaka chimenechi usiku mpaka bandulo kutha, nde ndati ndikugawireniko.

Chimene chikundidabwitsa kwambiri n'chakuti 1914 inayamba ngati chaka china chilichonse, aliyense ali pa zake. Pa 1 January, Frederick Lugard anaphatikiza chigawo cha kumpoto ndi cha kummwera n'kupanga Nigeria imodzi, dzina lomwe anayamba kulitchula ndi mtolankhani Flora Shaw amene pambuyo pake anadzakhala mkazi wake, eti dziko lonse lija dzina kupatsidwa ndi mayi wa ku nyuzipepala. Lugard ameneyu si mlendo kuno, mu 1888 anali ku Karonga akumenyana ndi gulu la Mlozi ndipo anavulazidwa koopsa ndi chipolopolo konko. Mwezi womwewo ku Detroit, Henry Ford analengeza kuti antchito a pa fakitale yake ya galimoto azilandira madola 5 pa tsiku, kuposa kuwirikiza kawiri zomwe ankalandira, anthu anakhamukira pa geti mazanamazana kuzizira konse kuja. Ku Panama anali kumalizitsa chingalande cholumikiza nyanja ziwiri zikuluzikulu, anakatsegula pa 15 August koma chisangalalo chake chinazilala chifukwa maso onse anali atatembenukira ku Ulaya. Ku Jamaica, Marcus Garvey anali kuyambitsa bungwe lake la UNIA lofuna kudzutsa anthu akuda a dziko lonse. Ndipo ku Salzburg mu February, madokotala a asilikali a Austria anayeza mnyamata wina wojambula zithunzi n'kunena kuti ndi wofooka sangathe usilikali, abwerere. Dzina lake Adolf Hitler. Nkhondo itayamba anakalembetsa yekha ku gulu la asilikali a Bavaria, ku Germany, ali ndi zaka 25, zotsatira zake mukuzidziwa.

Tsopano tsiku lenileni lija, Lamulungu pa 28 June. Franz Ferdinand, yemwe amayembekezeka kulowa ufumu wa Austria-Hungary, anapita ku Sarajevo ndi mkazi wake Sophie. Mfumu yeniyeni, Franz Joseph, inali nkhalamba ya zaka 83 yomwe inakhala pampando kuyambira 1848. Bosnia, dera lomwe kuli Sarajevo, Austria-Hungary inali italimeza mu 1908 ndipo achinyamata ambiri a mtundu wa Aserbu zimawawawa, amafuna dziko lawolawo la Asilavu a kummwera. Anyamata angapo anandandalika mumsewu wa m'mbali mwa mtsinje ali ndi mabomba ndi mfuti. Woyamba ndi wachiwiri manja anawalemera, sanachite kanthu. Nedeljko Čabrinović anaponya bomba, linadunda kumbuyo kwa galimoto n'kukaphulikira pa galimoto yotsatira, kuvulaza anthu. Apa munthu wanzeru akanati basi ulendo wathera pompa tiyeni kunyumba, koma ayi, anapitiriza mpaka ku holo ya mzinda, zolankhula zinachitika, kenako bwanayo akuti ndikawaone ovulala aja kuchipatala. Anagwirizana zosintha njira koma palibe anamuuza dalaivala. Dalaivala anakhotera msewu wakale uja, bwanamkubwa Potiorek n'kukuwa kuti walakwa njira, galimoto n'kuima kuti ibwerere m'mbuyo, ndipo inaima pamaso penipeni pa Gavrilo Princip amene anali chiimire pakona pafupi ndi sitolo ya zakudya. Zipolopolo ziwiri basi. Mwamuna ndi mkazi onse anafa.

Ndikaiganizira nkhani ya dalaivalayi ndimakumbuka maukwati athu, komiti yagwirizana usiku kuti mdipiti udutsira njira ina koma woyendetsa galimoto ya akwati sanauzidwe. Kusiyana kwake n'koti ife timangochedwa ku holo.

Princip anali ndi zaka 19, kutatsala masabata ochepa kuti akwanitse 20, nde malamulo a Austria sanalole kuti anyongedwe. Anamugamula zaka 20, anafa ndi TB m'ndende ya Terezín mu April 1918 nkhondo isanathe. Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, apa zinapota dziko lonse la Serbia, chifukwa Austria inali ikufuna kale chifukwa choti iphwanyire Serbia ndipo inachipeza. Koma musaganize kuti m'mawa mwake mfuti zinayamba kulira, ayi, panadutsa mwezi wathunthu. Kaiser Wilhelm II wa Germany anauza Austria kumayambiriro kwa July kuti chitani zomwe mukufuna tili pambuyo panu, iye n'kukwera sitima yake ulendo wokapuma ku Norway. Pa 23 July, Austria inapatsa Serbia mndandanda wa zofuna zake, iyankhe pa maola 48. Serbia inavomera pafupifupi zonse koma sizinathandize, pa 28 July nkhondo inalengezedwa. Russia inayamba kusonkhanitsa asilikali kuti iteteze Serbia, Germany inalengeza nkhondo pa Russia pa 1 August, pa France pa 3 August, pa 4 August n'kulowa mu Belgium pofuna kudulira njira ya ku Paris, ndipo usiku womwewo Britain inalowa. Britain ikalowa nde kuti India walowa, Nigeria ya miyezi 7 ija yalowa, Nyasaland walowa, osafunsidwa.

Chinanso chomwe ku sukulu sanatitsindikire, mafumu amenewa anali pachibale. George V wa Britain ndi Wilhelm wa Germany onse anali zidzukulu za Queen Victoria yemwe uja wa nsanja ya pa Mangochi. George ndi Tsar Nicholas II wa Russia amayi awo anali munthu ndi mng'ono wake, ana a mfumu ya Denmark, ndipo mukaona chithunzi chawo ataima limodzi mungati mapasa, ndevu zake zimodzimodzi. Masiku omaliza a July, Wilhelm ndi Nicholas ankatumizirana matelegalamu m'Chingerezi, wina kusaina Willy wina Nicky, aliyense kupempha mnzake kuti aletse asilikali ake. Kwathu kuno mkangano wa pachibale woterewu ankhoswe ndi eni mbumba amaukhalira pansi pa mtengo wa mango tsiku limodzi n'kutha. Awa analibe owakhazika pansi, akuluakulu a asilikali anali atakonza kale ndondomeko ya sitima za pamtunda zonyamula asilikali ndipo ankati ikayamba siimitsidwa.

Analipo amene anakana. Amene wandikhudza kwambiri ndi Jean Jaurès wa ku France, mtsogoleri wa chipani cha anthu apantchito komanso mkonzi wa nyuzipepala, yemwe ankayendayenda kuuza antchito a ku France ndi a ku Germany kuti musaphane chifukwa cha mabwana. Madzulo a pa 31 July akudya mu Café du Croissant ku Paris, munthu wina dzina lake Raoul Villain anamuwombera kudzera pa windo. Mu 1919 khoti linamasula wakuphayo, ndipo mkazi wamasiye wa Jaurès ndi amene anauzidwa kuti alipire ndalama za mlandu. Ndinawerenga kawiri pamenepa kuti mwina ndaona molakwika. Albert Einstein naye, yemwe anali atangosamukira ku Berlin chaka chomwecho, sanasaine nawo chikalata chomwe akatswiri 93 a ku Germany analemba choikira kumbuyo nkhondo, iye anasaina china chotsutsa chomwe osaina ake sanakwane n'komwe zala za dzanja limodzi.

Ena amene timawatenga ngati omenyera ufulu anaona ngati nkhondoyi ndi mwayi woonetsa kukhulupirika kuti mwina akatero adzapatsidwa kanthu. Gandhi anachoka ku South Africa mu July 1914 atakhalako zaka 21, anafika ku London nkhondo itangoyamba, ndipo chomwe anachita ndi kusonkhanitsa amwenye anzake kuti akhale gulu lonyamula ovulala kumbali ya Britain. Sol Plaatje ndi John Dube, atsogoleri a anthu akuda a ku South Africa, anali ku London chaka chomwecho kukadandaula za lamulo la malo la 1913 lomwe linasiyira anthu akuda kagawo kochepetsetsa ka dziko lawo lomwe, palibe anawamvera, ndipo nkhondo itayamba bungwe lawo, lomwe pano ndi ANC, linaganiza zoyamba laimika madandaulo. Sindikuwaweruza, munthu umasankha ndi zomwe ukuziona nthawi imeneyo, koma musunge zimenezi mumtima tikafika kwa Chilembwe.

Tibwerere ku kamzinga kathu. Nthawi imeneyo tsidya la kumpoto chakummawa kwa nyanja linali la Ajeremani, komwe pano ndi Tanzania, ndipo anali ndi sitima yawo imodzi ya mfuti, Hermann von Wissmann. Amene ali ndi nyanja ndi amene akanatha kutumiza asilikali ndi chakudya kumpoto mwachangu poti misewu kunalibe. Uthenga wa nkhondo utafika ku Zomba, bwanamkubwa George Smith analamula kaputeni Rhoades wa Guendolen kuti akaisake sitimayo. Anakaipeza pa Sphinxhafen, pomwe pano pamatchedwa Liuli, itakokeredwa kumtunda akuikonza, n'kuiwombera. Nkhani imene imakambidwa n'njakuti kaputeni wa Chijeremani, Berndt, anali mnzake wa Rhoades womwa naye limodzi, ndipo sankadziwa n'komwe kuti kunja kuli nkhondo, nde anapalasa kabwato mokwiya kudzafunsa mnzakeyo ngati waledzera, kufika pa Guendolen n'kuuzidwa kuti bambo ndinu mkaidi tsopano. Ku Britain anailengeza ngati kupambana kwawo koyamba kwa pamadzi pa nkhondo yonseyo. Tangoganizani, Winston Churchill ali ndi zisitima zankhondo zoopsa dziko lonse pansi pa unduna wake, koma chigoli choyamba chinachokera pa nyanja ya usipa.

Nkhani ya akaputeni awiriyi imaseketsa, koma zomwe zinatsatira sizoseketsa. Pa 9 September kunachitika nkhondo ya pa Karonga. Gulu la Ajeremani linatsika kuchokera kumpoto, gulu la Angerezi lotsogozedwa ndi kaputeni Barton linali likukwera, anaphonyana m'tchire usiku, Ajeremani n'kukazinga boma la Karonga momwe munatsala anthu ochepa, Barton atamva kulira kwa mfuti kumbuyo kwake n'kubwerera. Tikamati Angerezi ndi Ajeremani tikunena maofesala ochepa chabe, ambiri amene ankawomberana ndi kugwa anali anthu akuda mbali zonse ziwiri, a KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali la Angerezi) uku, asikari a Ajeremani uko, ena mwina olankhula chinenero chimodzi cha m'mbali mwa Songwe. Sabata yomweyo ku France kunali nkhondo ya pa mtsinje wa Marne yomwe inaletsa Ajeremani kulowa mu Paris, mpaka matakisi a mumzinda ananyamula nawo asilikali. Kumeneko imfa inali ya mtundu wina, pa 22 August pokha asilikali a France okwana 27,000 anafa tsiku limodzi, atavala mabuluku ofiira akuthamangira mfuti za chiwaya. Eya, chiwaya. Makolo athu nkhondo imeneyi ankaitchula kuti ya Chiwaya chifukwa cha mfuti yolakatika zipolopolo ija, ine n'kumadya tchipisi cha pa chiwaya pafupi ndi mzinga wake osadziwa kanthu.

Kuno chaka cha 1914 anthu ena ankachidikira kale. Eliot Kamwana, Mtonga wa ku Nkhata Bay, anabatiza anthu pafupifupi 10,000 cha mu 1908 ndi 1909 akulalikira chiphunzitso cha Watch Tower choti mu 1914 maufumu a dziko lino atha, msonkho utha. Boma linamuthamangitsa m'dziko. Nde nkhondo itabuka chaka chomwe chija, mukuganiza kuti anthu kumudzi ankati chiyani?

Koma munthu amene ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi John Chilembwe. Ife timamudziwa ndi holide ya pa 15 January ndi nkhope ya pa ndalama, komanso nkhani ya mutu wa William Jervis Livingstone ku Magomero, basi. Za kalata yake sitikamba kawirikawiri. Pambuyo pa imfa za ku Karonga, mu November 1914, ali ku mishoni yake ya PIM ku Mbombwe, Chiradzulu, analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake inali yosavuta kumva, ndiinena m'mawu anga. Ankati nthawi ya mtendere zabwino zonse ndi za azungu okha, koma nkhondo ikabwera mpomwe timakhala ofanana, kufanana kwake kokhetsa magazi. Ankati apite kunkhondo anthu olemera, eni mabanki, eni masitolo ndi eni minda, amene ali ndi chotetezera, osati munthu wosauka amene alibe kalikonse m'dziko lino ndipo akafa amangosiya mzere wa amayi amasiye ndi ana amasiye. Boma linaletsa kalatayo kuti isafalikire. Munthuyu anali ataona kale asilikali a kuno akutumizidwa kukamenya nkhondo za eni ku Ashanti ndi ku Somaliland, anali akuona thangata pa minda ya A. L. Bruce momwe Alomwe othawa njala ndi nkhanza ku Mozambique ankagwira ntchito ngati akapolo, matchalitchi ake a udzu akutenthedwa. Nkhondo inangothira mafuta pa moto woyaka kale. Pa 23 January 1915 anthu ake anaukira, pa 3 February anawomberedwa akulowera ku malire a Mozambique cha ku Mulanje.

Mukaika Jaurès ndi Chilembwe pamodzi, wina mkonzi wa nyuzipepala ku Paris wina m'busa wa Baptist ku Chiradzulu yemwe anaphunzira ku Lynchburg, Virginia, sanaonanepo, koma ankanena chinthu chimodzi, kuti wosauka asafere mkangano wa olemera. Onse awiri anafa ndi chipolopolo, motalikirana ndi miyezi 6 yokha. Kwa ine awa ndi anthu akuluakulu a chaka chimenechi kuposa mafumu a ndevu aja, ngakhale ndikudziwa kuti ena mundiuza kuti Chilembwe naye anakhetsa magazi ndipo n'zoona, anakhetsa. Koma pa funso loti nkhondoyi ndi ya ndani, iye anayankha molondola mu November 1914 pomwe Gandhi amene dziko lonse limamutamanda anali akulemba anthu ntchito yothandiza Britain.

Ndipo zomwe ankaopa zinachitikadi. Mkulu wa asilikali a Ajeremani kuno, Paul von Lettow-Vorbeck, anagonjetsa Angerezi pa Tanga mu November 1914, nkhondo imene mpaka njuchi zinalowerera kuluma asilikali, kenako anawazunguza m'tchire zaka zinayi, kudutsa Mozambique mpaka kukagonja ku Abercorn, komwe pano ndi Mbala ku Zambia, pa 25 November 1918, ku Ulaya nkhondo itatha kale masabata awiri. Kumuthamangitsa munthu ameneyu kunkafuna chakudya ndi zipolopolo, ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe, galimoto zinalibe podutsa, nde galimoto yake anali mutu wa munthu. Amtengatenga. Amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 ananyamula katundu pa nkhondoyi, m'dziko lomwe anthu onse anali ongopitirira pang'ono 1 miliyoni. Agogo anga aakazi ankakonda kunena za bambo awo kuti anagwidwa usiku ndi amesenjala a boma, amuna a m'mudzi ankagona kuphiri kuthawa, iwo anatsikira kunyumba tsiku limodzi kudzaona mwana wodwala n'kupezeka. Anabwerako patatha miyezi yambiri ali ndi chipsera pa phewa ndi chifuwa chomwe sichinathe, ndipo moyo wawo wonse sankalola kuti mwana wawo wamwamuna asenze katundu pamutu iwo akuona, bola apite kawiri. Ndili mwana ndinkaimva ngati nthano ya kumudzi chabe, sindinkailumikiza ndi Franz Ferdinand wa m'buku la History uja ngakhale pang'ono.

Ku Ulaya chakacho chinatha asilikali atakumba maenje kuchokera kunyanja ya ku Belgium mpaka ku malire a Switzerland, aja ankati pofika Khrisimasi tikhala tabwerako ali m'matope. Pa Khrisimasi pomwepo m'malo ena Angerezi ndi Ajeremani anatuluka m'maenje, kupatsana fodya, kuimba nyimbo, kuika maliro a anzawo, kenako mabwana analetsa ndipo kuphana kunapitirira mpaka asilikali oposa 9 miliyoni atatha. Kwathu kunatsala nsanja ya KAR ija mumaiona mukamalowa mu Zomba, manda a ku Karonga, ndi magule ngati malipenga omwe anyamata amavala zoyera n'kumaguba motsanzira perete wa asilikali.

Alamu anafika dzuwa litapendeka, ali ndi thumba la mpunga ndi ndowa ya nsomba zouma, osapepesa n'komwe, akuti "mwadikira pang'ono eti alamu?" Katunduyo sitikanatha kuyenda naye mpaka pa depoti nde ndinamuitana mnyamata wa kabaza uja, anamangirira thumba pa kaliyala ndi malamba a mphira ife tikutsatira pambuyo wapansi. Titafika ndinamupatsa K2000, anaitembenuza kuyang'ana padzuwa ngati ili yeniyeni, nkhope ya Chilembwe ili pomwepo, n'kuipinda kanayi kuilowetsa mu sokosi.